Namwali Pagolo

Pagolo anandiikapo ndi anyamata, si kuti ndinachita kupempha. Kwathu, mudzi wa m'mbali mwa nyanja cha ku Makanjira, mnyamata aliyense ankafuna kugoletsa, ndipo panalibe wofuna kuima pakati pa miyala iwiri n'kumadikira kumenyedwa ndi mpira pamimba. Ndiye tsiku lina ndikudutsa ndi ndowa, mmodzi anakuwa kuti, "Iwe, taima apa pang'ono!" Ndinatula ndowa n'kuima. Mpira wake unali chikulunga cha majumbo chomangidwa ndi zingwe za ukonde wakutha. Woyamba ndinauwakha, wachiwiri ndinautchinga ndi bondo, ndipo kuyambira tsiku limenelo mbali iliyonse inkalimbirana ine. Ndinali ndisanakwane zaka khumi. Ankanditcha goloboyi, poti dzina lina la ntchitoyo panalibe, ndipo ine sindinkaonapo vuto.

Ababa anali mlovi, ndiye kuti msodzi, ankapalasa bwato ndi kukoka chilimira, ukonde waukulu wa munthu wina. Akamachokera kudoko n'kundipeza ndili mbuu, mawondo atasupuka, ankangoseka n'kupitirira. Amama ankadandaula za madiresi ong'ambika basi. Mwana wamkazi akakhala wamng'ono palibe amene amalabadira kumene akuponya miyendo.

Zinthu zinatembenuka chaka chimene ndinapita ku nsondo, chinamwali cha atsikana cha kwathu. Zambiri za kumeneko sindizinena, ndipo zina zinali zothandiza ndithu, monga kudzisamalira ukakhala kumwezi ndi kulemekeza akulu. Koma anakanga, amayi olangiza anamwali aja, anali atamva kale za ine. Anandikhazika pakati pa anzanga. "Namwali sathamanga ngati mbuzi yodula chingwe," anatero mmodzi. "Namwali sadumpha. Sakweza mwendo pamene pali amuna." Wina anaonjeza kuti mpira ukamenya mtsikana pamimba chiberekero chimatembenuka, ndipo sadzaona mwana pamsana. Lero ndili ndi ana awiri amene ndinabereka popanda chovuta, koma panthawiyo ndinali mwana, ndipo mawuwo anandilowa.

Nditatuluka anandiveka nsalu yatsopano, anthu anandifupa, amama analuluta mpaka mawu kusasa. Sukulu zitatsegulidwa ndinadutsa pabwalo paja. Anyamata omwe aja amene ankandilimbirana anaponda mpira n'kudikira kuti ndidutse. Palibe anandithamangitsa, palibe ananditukwana. Anangondipatsa ulemu, ndipo ulemu umenewo unandiwawa kuposa kugwa pamwala. Ndinakhala zaka ziwiri osakhudza mpira.

Pasukulu pathu Lachitatu masana inali nthawi ya masewero. Anyamata ankapita kubwalo. Atsikana amati athu ndi ntchembere mbaye, mpira wamanja, koma mitengo yake inali itadyedwa ndi chiswe ine ndisanayambe n'komwe sitandade wani, ndipo palibe anaidzalanso. Choncho masewero athu anali kusesa, kukolopa m'makalasi ndi kutungira madzi nyumba za aphunzitsi. Tinkayenda ndi zidebe pamutu m'mphepete mwa bwalo, anyamata akukuwa chigoli.

Ndili sitandade seveni kunabwera mphunzitsi wamkazi wachitsikana, wochokera kutsidya, cha ku Nkopola. Anali wamfupi, woyenda mofulumira, ndipo ku koleji ya aphunzitsi ankasewera mpira wamiyendo. Lachitatu lina ndikusesa kuseri kwa golo, mnyamata wina anaponya mpira wamphamvu umene unaphonya n'kulunjika pamene panakhala tiana ta sitandade wani. Sindinaganize. Ndinangozindikira tsache lili uko, ine ndili pansi chammbali, mpira uli pachifuwa. Nditadzuka ndinapeza madamu aja aima pambali panga.

"Waphunzira kuti kugwira kotere?"

"Pepani madamu, sindinachitire dala."

"Sindinati upepese. Ndati waphunzira kuti?"

Ndinawauza. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Ndiye manja amenewa akhala akugwira tsache nthawi yonseyi?"

Mawa lake anapita kwa ahedi kukapempha kuti ayambitse timu ya atsikana. Ahedi anati mpira wa atsikana ndi wamanja. Madamu anafunsa kuti mitengo yake ili kuti. Ahedi anaseka n'kunena kuti, "Chitani, koma makolo akabwera mukawayankha nokha." Bwalo sanatipatse, akuti ndi la anyamata. Anatilozera kudambo kuseri kwa sukulu, kumene ankamangirira mbuzi. Sabata yoyamba yonse tinathera kuzula zitsa ndi kutola minga.

Tsiku loyamba tinabwera ambiri, mwina kalasi yathunthu. Kenako tinayamba kuchepa. Wina amayi ake anamuletsa, wina mchimwene wake anamukwapula, wina anangochita manyazi atasekedwa panjira. Chimene chinatidya kwambiri chinali usipa. Mabwato akabwera odzaza, mtsikana aliyense amafunika pathandala kukayanika ndi kutembenuza nsomba, pambuyo pake nkhuni, madzi, mwana wa kumsana. Mnyamata akaweruka kusukulu amaponya chikwama pakhonde n'kuthamangira kubwalo, palibe womufunsa. Ife tinapangana kuti tizithandizana. Tinkayamba pathandala la mayi a uyu tonse pamodzi, tikamaliza n'kupita pa la mayi a winayo, manja ali chigwirire, mpaka aliyense atamasuka. Tinkafika kudambo tikununkha nsomba, mamba ali m'zigongono, n'kuyamba kuthamanga.

Nkhani ina inali ya zovala. Nsalu imamasuka ukathamanga, diresi imakwera ukagwa. Kabudula sitikanayerekeza n'komwe. Madamu anakatola mabuluku akuda pa kaunjika wa tsiku la msika, n'kutipatsa kuti tizivala mkati mwa diresi. Mpango wanga wakumutu sindinauvulepo ngakhale tsiku limodzi. Ndinangophunzira kuumanga mfundo ziwiri kumbuyo kuti usagwe ndikadumpha. Ndinkati ndikadziyang'ana, kuyambira kumutu mpaka kuakakolo, palibe chooneka. Koma anthu anati buluku ndi la amuna, ndiye mlandu unangosintha dzina.

Mu timumo munali mnzanga wapamtima, wa nyumba yoyandikana ndi yathu. Anali wamanzere, wowonda ngati bango, ndipo akatenga mpira palibe ankamupeza. Ndiye yekha amene ankandigoletsa kawirikawiri, akatero n'kumandivinira pamaso. Bambo ake anali ovuta kuposa onse, moti ankabisa buluku lake kwathu, pansi pa mphasa yanga.

Tsono ine ndinali wotomeredwa. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi; bambo amabala, koma mawu omaliza pa za ukwati amakhala a mjomba. Amjomba anga, achimwene awo a amama, anali atalandira mawu a mwamuna wina wa mudzi woyandikana nawo amene ankagwira ntchito ku Joni. Mwamunayo ndinamuonapo kamodzi kokha, pa Idi, atavala jekete lachikopa dzuwa likuswa mtengo. Anatumiza foni, nsalu ndi chikwama cha mateyala. Pangano linali lakuti ndikangolemba mayeso a sitandade eyiti, ukwati uchitike. Ine sanandifunse. Anandiuza.

Tsiku lina masana amayi ake a mwamunayo anabwera kwathu. Amama anawayalira mkeka, ine ndinabweretsa tiyi n'kugwada. Mayiwo sanandiyang'ane. Analankhula ndi amama ngati ine palibe.

"Tamva kuti mpongozi wathu akumavala buluku n'kumagubuduka m'fumbi ana asukulu akuonerera. Tinati mwina ndi mabodza a anthu, tikamve kwa eni ake."

"Ndi zachibwana za kusukulu," anatero amama, maso ali pansi. "Asiya."

"Asiye ndithu. Nkhaniyi ku Joni yafika kale. Mwana wanga akuvutika ndi chisanu kumeneko, safuna mkazi woti mudzi wonse wamuona miyendo ili m'mwamba."

Atachoka, amama anandiitanira kuseri kwa nyumba.

"Wamva wekha. Usiye."

"Amama, ndalakwira ndani?"

"Ukulakwira ine. Kumjigo sindikuthanso kudzutsa mutu. Akazi anzanga akangondiona amayamba kutsokomola."

"Nanga ntchito yanu ndaisiyapo? Nsomba sindiyanika? Madzi sinditunga?"

"Si za ntchito, mwanawe. Ndiwe wamkulu. Ukufuna udzakalambire pakhomo pano?"

Lachitatu lotsatira ndinapita kudambo.

Amjomba atamva anati mpira kwa mkazi ndi haramu. Mawu amenewo anandisowetsa mtendere, chifukwa ine swala, mapemphero athu a tsiku ndi tsiku, sindinkaiphonya ndipo sindinkafuna kulimbana ndi Mulungu. Tsiku lina titaweruka ku madarasa ndinatsalira n'kufunsa amwalimu. Anali munthu wachikulire, wosafulumira kuyankha. Anasisita ndevu, kenako anati, "M'mabuku amene ndawerenga ine, mpira sindinaupezemo. Ndinapezamo kuvala modzilemekeza, ndinapezamonso kumvera makolo." Yankholo linali ndi mbali ziwiri. Ine ndinatola yoyamba n'kupita nayo.

Chakumapeto kwa teremu madamu anatiuza kuti apangana ndi sukulu ina ya kummwera, kufupi ndi mishoni, kuti atsikana awo abwere tidzasewere nawo Lachisanu masana. Ahedi anavomera kutibwereka bwalo la anyamata, poti alendo sungawatengere kudambo la mbuzi. Nkhani inawanda mudzi wonse. Kutatsala tsiku limodzi amjomba anabwera kunyumba. Anakhala pampando wa ababa, ine ndinagwada patali.

"Ndamva za mawa," anatero. "Ine ndinapereka mawu kwa anthu. Ukakangoponda pabwalo paja, usadzanditchulenso kuti amjomba. Wamva?"

Ndinazyolika. Iwo anayesa ndavomera, ananyamuka. Ababa anali pakhonde akusoka ukonde, ndipo sanatukule mutu.

Lachisanu m'mawa ndinadzuka m'mimba mukupota. Ndinali kumwezi. Ndinakhala pamphasa n'kuganiza kuti mwina ndi njira yotulukira imeneyi: ndikauza madamu kuti ndadwala, palibe adzanditcha wamantha, amjomba adzakondwa, amama adzapuma. Mapadi ogula m'sitolo aja tinkangowamva. Ife tinkagwiritsa ntchito nyanda, tinsalu takutha topindapinda, ndipo aliyense amadziwa kuti nyanda siyodalirika ukathamanga. Ndinaganiza ndithu. Koma timu inalibe goloboyi wina. Ndinapinda nyanda ziwiri pamodzi, ndinamanga chingwe m'chiuno mpaka kundidula, ndinavala buluku ndi diresi pamwamba.

Ndikutuluka ndinaona mnzanga wamanzere uja ali ndi thumba la chimanga pamutu, amayi ake ali pambuyo. Bambo ake anali atamutuma ku chigayo cha kutali, pomwe chapafupi chinkagwira ntchito bwinobwino. Anandiyang'ana, misozi ili mbwee, osatha kupukuta chifukwa manja onse anagwira thumba.

Tinapezeka asanu ndi anayi okha. Alendo anabwera pa lole, atavala yunifolomu yobiriwira ndi makabudula, ena ali ndi nsapato. Mphunzitsi wawo anachotsa awiri kuti tifanane. Nthawi imeneyo n'kuti anthu akutuluka kumene mumzikiti, ndiye amuna onse anangokhotera kubwalo ndi mikanjo yawo. Amayi anasiya mathandala. Sindinaonepo khamu lotero pamasewero a anyamata. Sanabwere kudzachemerera ayi. Anabwera kudzaseka.

Ndinaima pagolo lenileni, la mitengo ya bulugamu. Kumbuyo kwanga kunaima mchemwali wake wa mwamuna wa ku Joni uja, foni ili m'mwamba, akujambula.

Wezulo italira phokoso linayamba. "Akazi a ndani amenewa?" "Ayambe kugwa ndani, tione!" Mtsikana wathu wina anaphonya mpira n'kukhala pansi, bwalo lonse linafa ndi phwete. Alendo aja anali ozolowera, ankapatsirana mpira ife tikungothamangira paliponse. Posakhalitsa wina anabwera yekha, anaumenya chakumanja kwanga, pansi. Ndinadziponya thupi lonse. Ndinamva mchenga m'kamwa, diresi ili kumsana, mpira uli m'manja. Mfuu imene inamveka sindidzaiwala; ena ankaseka, ena ankaimba mluzu, mayi wina anakuwa kuti, "Astaghafirullah!" Ndinadzuka, ndinakonza diresi, ndinaumenya kutsogolo.

Anabweranso, ndinagwira. Anabweranso, ndinaukankhira kunja ndi nsonga za zala. Mipira iwiri inandidutsa, umodzi pakati pa miyendo, ndipo umenewo unandipweteka mtima. Koma chigawo choyamba chisanathe ndinamva mawu a mwamuna wachikulire kumbali akuti, "Tuluka, mwana iwe, umutsekere!" Ameneyo sankaseka. Ankaonera mpira.

Nthawi yopumulira anzanga anathamangira kwa madamu kukamwa madzi. Ine ndinatsalira pagolo ndikumanganso mpango. Nditatukula maso ndinaona amjomba akudula pakati pa bwalo, atavala mkanjo woyera ndi kofiya, akuyenda mosafulumira. Phokoso linazizira. Anaima patsogolo panga.

"Tiye kunyumba."

"Amjomba, mpira sunathe."

"Ndati tiye."

Ndinadziwa kuti ndikangoyenda phazi limodzi, ndapita mpaka ku ukwati. Ndinabwerera m'mbuyo n'kukumbatira mtengo wa golo ndi manja onse awiri, tsaya lili pamtengo.

"Mukafuna ndipite, zulani mtengowu mundinyamulire limodzi."

Sindinakuwe, koma kunali zii moti apafupi onse anamva. Amjomba anatukula dzanja. Linaima m'malere. Kwathu mjomba sagwira thupi la mphwake wamkazi amene wavinidwa, makamaka pagulu. Akatero ndiye kuti wadzivula yekha. Mwambo womwe uja umene unandichotsa pabwalo ndi umene unawamanga manja. Anatembenuka kufunafuna amama kuti adzandikoke, koma sanawaone. Anaona ababa ataima patsinde pa mtengo wa mango pamodzi ndi alovi anzawo.

"Alamu! Mukungoyang'ana? Mwana wanuyu!"

Ababa anachotsa kamtengo kamene ankatafuna. "Mwini mbumba ndinu, alamu," anayankha mofatsa. "Ine pano ndine mkamwini chabe."

Alovi aja anaseka, kuseka kuja kunafalikira. Amjomba anandiyang'ana, maso ali psuu, n'kunena motsitsa kuti, "Wasankha wekha." Anatembenuka n'kutuluka m'bwalo. Ine mtengo uja sindinausiye mpaka woimbira ataliza wezulo. Madamu anandibweretsera madzi m'kapu.

Chigawo chachiwiri chili mkati ndinamva chimene ndinkachiopa. Nyanda inali itasuntha. Ndinamva kunyowa, ndipo ndinadziwa kuti diresi ya sukulu, yomwe inali yowala, yayamba kuonetsa kumbuyo. Atsikana ena kuseri kwa golo anayamba kunong'onezana. Kugwa pamaso pa anthu ndinali nditakuvomera, koma ichi chinali china. Ndinaganiza zothawira m'chinangwa cha kuseri kwa sukulu.

Pomwepo ndinamva mawu kumbuyo kwanga, pafupi kwambiri. "Usatembenuke." Anali amama. Sindikudziwa kuti anafika nthawi yanji, kapena anabisala kuti pamene amjomba ankawafuna. Nsalu inagwera paphazi panga, ija ankavala pamwamba, yonunkha utsi ndi usipa. "Manga m'chiuno msanga. Maso kumpira." Ndinamanga, ndinaikwinyira m'mwamba kuti isandikole. Amama anasuntha n'kukaima kutsogolo kwenikweni kwa mtsikana wa foni uja, msana wawo utatseka chilichonse, ndipo sanachokepo mpaka mpira unatha.

Tinagonja ndi zigoli zinayi kwa chimodzi. Chathucho anagoletsa kamtsikana ka sitandade sikisi, mpira utangomugunda pabondo n'kulowa, ndipo tinakumbatirana ngati tatenga chikho.

Kunyumba amama sanandisekerere. "Usayese kuti ndakondwa," anatero akutsuka mbale. "Ndimabisa manyazi anga, osati ako." Anakhala masiku ambiri osandilankhula kupatula kundituma. Ababa sanatchulepo za mpira, koma tsiku lina akudya anangoti, "Wachiwiri uja unatseka mochedwa miyendo," n'kupitiriza kudya.

Sabata isanathe abale a mwamuna uja anabwera kudzatenga katundu wawo: foni, nsalu, chikwama cha mateyala. Amama analowa m'nyumba kukalira. Ine ndinawathandiza kunyamula chikwamacho mpaka pamsewu. Zimene anajambula zija zinayenda m'mafoni a anthu mpaka ku Joni, ndipo kumjigo atsikana anapeka nyimbo ya namwali wokwatiwa ndi mtengo wa bulugamu. Ndikafika ankaiyamba. Poyamba ndinkatunga madzi nditazyolika. Kenako tsiku lina ndinatula chidebe n'kuvina nyimbo yawoyo mpaka kumapeto, ndipo kuyambira pamenepo inayamba kuzirala.

Sindinganame kuti mudzi unasintha. Makolo anakadandaula ku komiti ya sukulu, madamu anaitanidwa n'kudzudzulidwa, bwalo sanatibwerekenso. Tinabwerera kudambo, tikucheperachepera. Chaka chotsatira madamu anasamutsidwa, ndipo Lachitatu atsikana anabwerera kumatsache. Mnzanga wamanzere uja anakwatiwa mayeso asanafike. Ndinakumana naye patapita zaka pamsika, ali ndi mwana kumsana wina kumanja. Tinacheza za matenda ndi za mitengo ya zinthu, kenako posiyana anandigwira mkono.

"Iwe, tsiku lija ndikanakhalapo, tikanawina eti?"

"Tikanawina," ndinatero. Ndipo sindinkamunyengerera.

Ine mayeso ndinakhoza. Amjomba anati za sukulu yanga zisawakhudze, ndiye azakhali anga, achemwali awo a ababa, ananditengera ku Mangochi kutauni, kumene ndinaphunzira sekondale yoyendera. Kumeneko ndinaima pagolo zaka zonse zinayi. Sindinatchuke, sindinapite kutali ndi mpira. Lero ndimagulitsa nsomba zouma mumsika, ndinakwatiwa ndi mwamuna amene ndinamusankha ndekha, ndipo Lamlungu masana ndimasewera ndi amayi anzanga, ngakhale mawondo ayamba kudandaula.

Amjomba anasunga mawu awo. Zaka zonsezo sanandilankhule; ndikawapatsa moni ankayang'ana kumbali. Ababa atamwalira tinapita kumudzi kukachita sadaka. Anthu atadya, azimayi akuluakulu a pabanja anandiitanira pambali. Anati amjomba akalamba, maso ayamba kuchita khungu, si bwino kuti adzapite ndi mfundo mumtima. Anati iwo avomera kuti nkhani ithe, chofunika n'chakuti ine ndikagwade ndipepese. Amama anali pomwepo.

Ndinatenga beseni ndi jagi ya madzi n'kupita pamene anakhala. Anali ataonda kwambiri, mkanjo ukuwalendewera m'mapewa. Ndinagwada, ndinawathirira madzi m'manja, anasamba. Azimayi aja anaima chapatali akumvetsera.

"Ndiwe?" anafunsa.

"Ndine, amjomba."

"Akuti uli ndi mawu."

"Ndili nawo. Ndinu amjomba anga, ndipo mudzakhala amjomba anga mpaka kalekale. Mukadwala ndidzabwera, mukasowa kanthu mutume mwana. Kugwada ndagwada. Koma za tsiku lija sindipepesa, chifukwa sindinalakwe."

Mayi wina kumbuyo anaomba m'manja kamodzi modabwa. Madzi ankadontha m'zala za amjomba.

"Mutu wako ndi wouma ngati wa amako," anatero pomaliza.

Sanati nkhani yatha, sanatinso sinathe. Ndinawapatsa kansalu kopukutira m'manja, ndinanyamula beseni langa n'kubwerera kumene azimayi ankatsuka miphika, chifukwa ntchito inali idakalipo yambiri.